Kukaonera mpira ngati mlendo mu Lusaka: zochita kuti mubwerere kwanu muli bwinobwino

Alendo pa bwalo la mpira mu Lusaka ali mitundu iwiri. Pali amene walawira m'bandakucha pa basi kuchokera ku Kitwe, ku Ndola, ku Kabwe kapena ku Chipata. Palinso amene amagona konkuno, ku Chawama, ku Mtendere kapena ku Garden, koma mtima wake uli ku Nkana, ku Power Dynamos kapena ku Kabwe Warriors. Woyambayo njira za tauni ino sazidziwa. Wachiwiriyo amazidziwa bwino, koma madzulo ayenera kulowa m'komboni atavala jezi ya timu imene mwina yangochititsa manyazi eni bwalo. Malangizowa ndi a onse awiri, komanso a abale athu a ku Malawi amene amadutsa pa Mwami kudzachemerera timu yawo.

Pa tsiku la mpira, malo oopsa kwambiri ndi pa geti, ndiponso kamtunda kochokera pa geti kukafika pa galimoto. Pa 2 Juni 2007 ku Konkola Stadium ku Chililabombwe, Zambia inagonjetsa Congo Brazzaville 3-0, ndipo masapota 12 anafa popanikizana potuluka, pa tsiku la chisangalalo. Tsono ganizirani mlendo amene akutulukira pa chipata chopapatiza ngati chimenecho, kumbuyo kukugwa miyala, kutsogolo kuli apolisi okwiya. N'chifukwa chake zambiri za pansipa zikukhudza kulowa, kutuluka, ndi kukhala bwino ndi anthu a yunifolomu.

Yambani kukonzeka kudakali masiku

Gulu lililonse, ngakhale la minibasi imodzi, likhale ndi mtsogoleri ndi womuthandiza. Musathamangire kusankha amene amaimba mokweza kuposa onse. Sankhani munthu wofatsa, amene salawa mowa tsiku la mpira, wodziwa kulankhula ndi akuluakulu osakweza mawu. Ngati muli ndi mayi wachikulire kapena bambo wa imvi, ameneyo ndiye woyenera, chifukwa mnyamata wolusa amachitako manyazi kutukwana munthu wa msinkhu wa kholo lake, ndipo wapolisi nayenso amatchera khutu. Akhalenso womasuka m'Chinyanja, pakuti ndicho chimamveka msanga pa mageti a mu Lusaka.

Ntchito yake yoyamba ndi kutsimikiza bwalo. Matimu a kuno amabwerekana mabwalo, ndipo masewera amatha kusamutsidwa kutatsala masiku ochepa. Zanaco kwawo ndi ku Sunset, Red Arrows ku Nkoloma, Nkwazi ku Edwin Imboela, City of Lusaka ku Woodlands, pamene masewera akuluakulu amapita ku National Heroes Stadium, m'mbali mwa Great North Road. Mabwalowa safanana. Heroes, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi mageti ambiri ndi malo otakasuka kunja. Ang'onoang'onowo zipata zake n'zochepa, ndipo masapota a mbali ziwiri amakhala moyandikana kwambiri. Onani pa tsamba la Facebook la timu yanu ndi la eni bwalo kutatsala tsiku limodzi, musadalire uthenga wa pa WhatsApp wa sabata yatha.

Akatero, mtsogoleri aimbire komiti ya masapota a eni bwalo kapena woona za chitetezo wa timu yawo. Afunse geti lolowera alendo, mbali imene mudzakhale, poimika basi, ndi wapolisi wamkulu amene adzayang'anire tsikulo. Asachite manyazi. Pa malamulo a mpira, chitetezo cha pa bwalo ndi udindo wa timu ya eni ake, ndipo mlendo wogula tiketi ali mkati mwa udindo umenewo. Awauzenso kuchuluka kwanu. Apolisi amene akuyembekezera basi imodzi n'kuona mabasi asanu amayamba tsikulo ali odzidzimuka, ndipo wapolisi wodzidzimuka sachedwa kutukula ndodo.

Lembani mayina a onse opita, nambala ya foni ya aliyense, nambala ya wachibale wotsala kunyumba, ndi matenda ngati mphumu, shuga kapena khunyu. Pepala lina likhale ndi mtsogoleri, lina ndi dalaivala. Dalaivalayo asamwe, asasiye basi, ndipo aimike itayang'ana kotulukira, kuti madzulo pasakhale za kubwerera m'mbuyo pakati pa khamu.

Zonyamula ndi zosiya

Tengani chitupa chanu cha NRC, kapena pasipoti ngati mwadutsa malire. Foni ikhale yodzaza moto. Ndalama muzigawe pawiri, zina m'thumba, zina pobisika, zokwanira kukufikitsani pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi kukwera basi nokha ngati mwasochera pagulu. Valani nsapato zotseka zomanga ndi zingwe, chifukwa wa mapatapata ndiye amayamba kugwa anthu akathamanga. Nyamulani kathaulo kapena chitenje, mankhwala anu ngati muli nawo, ndi malaya wamba opanda mtundu wa timu iliyonse. Malaya amenewa musawaiwale, tidzawafuna potuluka.

Mpeni, ngakhale kakang'ono ka pa makiyi, legeni, mabotolo agalasi ndi zophulitsa, zonsezi zisiyeni kunyumba. Ndodo ya mbendera ikhale yopyapyala. Za mowa ndinene mosabisa: boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi, mu 2012, koma timabotolo ta mowa waukali tikadali m'matumba a anyamata, ndipo munthu mmodzi woledzera m'basi akhoza kumenyetsa anthu makumi asanu ndi limodzi. Amene waledzera musanafike pa geti atsale m'basi ndi dalaivala. Adzakwiya lero, koma mawa mudzamvana.

Ana aang'ono ine sindikanawatenga pa masewera a mkangano waukulu. Pa 6 Julayi 2017 ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8 anafa pa chipwirikiti cha pa geti, ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Mwana ndi wamfupi, chifuwa chake n'chofewa, ndipo m'khamu saoneka. Ngati mwamutenga, mulembereni nambala yanu ya foni pa mkono, ndipo anthu akayamba kupanikizana mumunyamule m'mwamba pomwepo.

Fikani msanga, ndipo musalimbane ndi geti

Masewera ambiri a ligi amayamba 15:00. Khalani mutalowa kale pofika 13:30. Mpanipani wolowa umabadwa pamene mpira wayamba anthu ali panja, n'kumva mkokomo wa mkati, aliyense n'kuyamba kukankha. Ku Ellis Park ku Johannesburg pa 11 Epulo 2001, pa masewera a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, anthu 43 anafa pamene khamu linkakakamira kulowa m'bwalo lodzaza kale.

Tsikani basi nonse pamodzi, muyende pamodzi, mtsogoleri patsogolo, womuthandiza kumbuyo. Tiketi gulani pamalo ovomerezeka okha. Mukaona kuti mzere wa pa geti wasanduka mulu wa anthu, tulukanimo n'kuima patali. Kuphonya mphindi khumi zoyamba si kanthu.

Musanalowe, mtsogoleri apite kwa wapolisi wamkulu, amupatse moni ndi ulemu, n'kudzidziwitsa: "Abwana, muli bwanji? Ife ndife alendo, tabwera ndi basi ili apoyo. Pakakhala vuto ndi munthu wathu, itanani ine, nambala yanga ndi iyi. Nanga mpira ukatha mufuna titulukire pati?" Kucheza kwa mphindi ziwiri kumeneku kumathandiza kwambiri madzulo. Wapolisi amene anagwirana nanu chanza masana savuta kumufikira zinthu zikasokonekera, ndipo naye amadziwa woti alankhule naye m'malo mokalipira gulu lonse.

Panganinso malo okumanirana mukabalalika, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Akhale malo oonekera patali, otalikirako ndi geti, ndipo aliyense awaone ndi maso ake. Pa masewera odzaza netiweki imalemera, foni n'kusalowa.

Mkati mwa bwalo

Mukakhala pansi, musanayang'ane osewera, yang'anani potulukira. Pezani zipata ziwiri, chimene mwalowera ndi china. Onani ngati pali chotsekedwa ndi loko kapena unyolo, ndipo ngati chilipo mtsogoleri akauze apolisi ndi oyang'anira bwalo nthawi yomweyo, mpira usanayambe. Pewani mzere wapansi penipeni wotsamira waya kapena khoma, chifukwa anthu akamathawa kuchokera pamwamba onse amatsikira pa inu. Pewaninso m'malire mwenimweni mwa inu ndi eni bwalo, pamene pamagwera mabotolo. Akazi, ana ndi achikulire akhale pakati pa gulu, pafupi ndi kanjira. Ligi yathu imadutsa m'dzinja, choncho kumbukirani kuti mvula ikagwa mwadzidzidzi anthu onse amathamangira pansi pa denga limodzi. Kunyowa kuli bwino kuposa kukanikizidwa pamenepo.

Imbani, vinani, ombani ng'oma mpaka manja atupe, pakuti n'zimene mwayendera mtunda wonsewo. Koma nyimbo zikhale zokweza timu yanu. Nyimbo zotukwana mtundu wa anthu, amayi a munthu kapena chipani cha ndale zimasandutsa mpira kukhala nkhani ina, ndipo munthu amene wanyozedwa pa mtundu wake saiwala wezulo yomaliza ikalira. Mukagoletsa, sangalalani moyang'ana pa bwalo. Kutembenukira kwa eni ake ndi kuwaloza zala ndiko kumaitana mwala woyamba.

Kumbukiraninso kuti matimu ena a kuno ndi a nthambi za chitetezo: Nkwazi ndi ya apolisi, Green Buffaloes ya asilikali, Red Arrows ya asilikali a mumlengalenga. Munthu wovala malaya wamba amene mukukokana naye mawu angakhale wa yunifolomu amene lero ali pa tchuthi.

Refa akalakwitsa, kuwani, koma manja akhale opanda kanthu. Mwala umodzi wochokera kumbali kwanu umapatsa apolisi chifukwa cholowera pakati panu, ndipo ndodo yawo sisankha amene anaponya. Umabweretseranso timu yanu chindapusa, kusewera m'bwalo lopanda anthu, kapena kulandidwa masewera ngati alekezedwa chifukwa cha inu. Mukaona mnzanu akutola mwala kapena akukwera waya, mugwireni inu eni, anthu awiri kapena atatu, mwakachetechete, apolisi asanamuone. Botolo likakugwerani, musalibweze. Sunthirani mkati, ndipo mtsogoleri akaloze kwa apolisi kumene lachokera.

Utsi wokhetsa misozi ukaphulika

Apa ndichedwapo, chifukwa utsi umenewu wayambitsa imfa zambiri m'mabwalo. Ku Harare pa 9 Julayi 2000, pa masewera a Zimbabwe ndi South Africa, apolisi anauponya m'khamu ndipo anthu 13 anafa popondana. Ku Accra pa 9 Meyi 2001, pa masewera a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, anafa 126, akuthawira pa zipata zotseka. Ku Malang m'dziko la Indonesia pa 1 Okutobala 2022 anafa 135, ndipo tsiku limenelo masapota a timu ya alendo sanaloledwe n'komwe kulowa, zimene zikusonyeza kuti kuletsa alendo pakokha sikuchotsa ngozi. Malamulo a FIFA a chitetezo cha m'mabwalo, gawo 19, amaletsa apolisi ndi oyang'anira a m'mbali mwa bwalo kunyamula kapena kugwiritsa ntchito mfuti ndi utsi wobalalitsira anthu. Ine ndimaona kuti kuponya utsi pamene pakhala anthu, m'bwalo lozingidwa ndi khoma, n'kulakwa kumene sikungalungamitsidwe ndi miyala ya anyamata khumi. Komabe zimachitika, ndipo muyenera kudziwa chochita.

Utsiwo pawokha nthawi zambiri supha munthu wathanzi amene ali panja. Umawotcha maso, mphuno ndi kukhosi, munthu n'kuona ngati mpweya watha, koma ukachoka pamalopo ululu umayamba kuchepa pakapita mphindi 15 mpaka 30. Chimene chimapha ndi kuthamangira pa khomo limodzi anthu ali otseka maso. Choncho chinthu choyamba, musathamangire ku geti kumene aliyense akupita. Onani kumene mphepo ikukankhira utsi, inu mupite cham'mbali kapena kumene mphepo ikuchokera. Utsiwu umakonda kutsikira pansi ndi kudzaza m'makwalala ndi m'masitepe otsekeka, ndiye ngati pamwamba pali malo, kwerani. M'chimbudzi musalowemo, mulibe potulukira mpweya.

Phimbani mphuno ndi pakamwa ndi kathaulo kaja, muzipuma pang'onopang'ono. Maso musatikite, mukatero mukulowetsa mankhwalawo mkati. Phethirani kwambiri, misozi itsuke, ndipo mukapeza madzi oyera tsukani mutapendeketsa mutu kuti madzi atsikire kunja, asapite ku diso linalo. Mafuta odzola, mankhwala otsukira mano ndi zina zimene anthu amauzana musapake. Chitini cha utsi chikagwa pafupi musachigwire, chimatentha kwambiri, ndipo wochiponyanso amaoneka ngati woyambitsa. Wa mphumu, mwana, mayi woyembekezera ndi wokalamba ndiwo oyamba kuwachotsa. Wa mphumu apopere mankhwala ake pomwepo, ndipo akapitiriza kubanika apite kuchipatala osadikira. Mukafika kunyumba vulani zovalazo panja, muzichape pazokha, musambe madzi ozizira.

Mukapanikizidwa m'khamu

Chizindikiro choyamba ndi pamene anthu akukukhudzani mbali zonse ndipo simungathe kukweza dzanja kufika kumaso. Pamenepo chokani, mukadali ndi mpata. Ambiri amene amafa pa mpanipani amafa ali chiimire, chifuwa chitapanikizidwa mpaka kulephera kukoka mpweya.

Ngati mwachedwa kale, pindani manja patsogolo pa chifuwa kuti nthiti zikhale ndi malo, mapazi atalikirane pang'ono, ndipo musagwe. Khamu lotere lili ngati mtsinje wosefukira, ukalimbana nalo umatha mphamvu msanga; pitani nalo, koma nthawi iliyonse likapumira muzisunthira cham'mbali pang'onopang'ono mpaka mutafika kumphepete. Talikirani khoma, waya ndi zitsulo. Foni, nsapato kapena chipewa chikagwa, chisiyeni. Musakuwe popanda chifukwa, sungani mpweya. Munthu akagwa patsogolo panu mudzutseni msanga, chifukwa pamene wagwa mmodzi pamagwera ena ambiri. Mukagwa inu n'kulephera kudzuka, gonani cham'mbali, pindani miyendo, manja ateteze mutu. Ndipo inu amene muli kumbuyo, kumene kukuoneka ngati kuli bata, lekani kukankha ndi kubwerera m'mbuyo. Simukuona zimene kukankha kwanu kukuchita kutsogolo.

Kutuluka

Mtsogoleri aganize za kutuluka kutatsala mphindi 15, poona mmene zinthu zilili. Ngati mwapambana ndi penate yokanganitsa, kapena refa watulutsa wosewera wa eni bwalo, konzekani. Njira zilipo ziwiri: kutuluka nonse mpira usanathe, kapena kukhala pansi mpaka bwalo litapepuka. Choipa ndi kutuluka pakati, m'timagulu ta anthu atatu anayi, nthawi imodzi ndi eni ake.

Nthawi zina apolisi adzakuuzani kuti mudikire mkati mpaka eni bwalo atapita. Zimawawa, makamaka ulendo wa makilomita oposa 300 wa ku Copperbelt ukukudikirani, koma ndi njira yabwino ndipo muivomere. Mtsogoleri angotsimikiza zinthu ziwiri: kuti apolisi atsala pakati pa inu ndi eni bwalo, ndi kuti geti lanu lili ndi munthu woliyang'anira, losakhomedwa ndi loko. Ku Port Said ku Egypt pa 1 Febuluwale 2012 anthu oposa 70, pafupifupi onse masapota a Al Ahly amene anali alendo, anafa ataukiridwa mpira utatha, potulukira pawo pali potseka. Funsani mwaulemu koma mosabwerera: "Abwana, tidikira monga mwanenera. Koma geti ili likhale losakhoma, ndipo tipatseniko apolisi awiri atiperekeze mpaka pa basi."

Tsopano valani malaya wamba aja pamwamba pa jezi. Ena amati kutero ndi mantha. Ine ndimati timu yanu ikufunani sabata yamawa muli ndi mano onse. Mbendera pindani, vuvuzela ilowe m'chikwama, ndipo pa basi chotsani nsalu zonse zolendewera kunja. Werengani anthu ndi pepala lija musananyamuke. Mawindo atsekedwe mpaka mutatuluka m'tauni, ndipo nyimbo zidikire. Mwala ukagunda basi, aliyense aweramire pansi, dalaivala asaime, apitirire mpaka pa polisi kapena pa malo owala pamene pali anthu. Kutsika kuti muthamangitse woponya ndiko kumene iye akufuna, pakuti anzake ali pakona.

Inu a konkuno, amene mukwera minibasi kapena kuyenda pansi, vuto lanu ndi lina. Dzuwa limalowa cha m'ma 18:00, ndipo mpira wa 15:00 umatha kutatsala pang'ono kuda. Pa khamu lotuluka pamasakanikiranso anyamata amene sanabwerere mpira, ofuna mafoni ndi zikwama, ndipo jezi ya mlendo imawapatsa poyambira. Yendani anthu asanu kapena kuposa, mumsewu waukulu, osadutsa njira zachidule za m'komboni imene si yanu. Ngati muitana takisi ya Yango, yendani kaye pang'ono kuchoka pa geti, muimire pamalo owala. Munthu akakuputani, musayankhe, musaime.

Kwa eni bwalo amene mukuwerenga: mukaona mlendo wazingidwa, anthu atatu a jezi yanu ataima pambali pake n'kunena kuti "musiyeni, ndi mlendo wathu" amaletsa ndewu msanga kuposa galimoto ya apolisi. Mwezi wamawa ndinu mudzakhale alendo ku Kitwe, pa bwalo la Nkana ku Wusakile kapena la Power Dynamos ku Arthur Davies.

Wina akavulala

Bala la m'mutu limatulutsa magazi ambiri ngakhale lili laling'ono. Kanikizani ndi nsalu yoyera osachotsachotsa. Ngati mwalowa galasi kapena chitsulo, musazule, kanikizani m'mbali mwake. Amene wakomoka koma akupuma mugonekeni cham'mbali, musamumwetse kanthu. Amene wagwa kuchokera pamwamba ndipo akudandaula khosi kapena msana musamunyamule mwachisawawa, itanani a ambulansi ya pa bwalo. Munthu amene wagendedwa m'mutu n'kuyamba kusanza, kusinza, kuiwala kapena kulankhula zosamveka asakwere basi ya ulendo wautali, ngakhale iye akakamire kuti ali bwino. Kuchokera ku Heroes, zipatala za Matero ndi Chipata Level One (ya m'komboni ya Chipata mu Lusaka momwemo) zili pafupi. Zovulala zazikulu zimapita ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa pa Great East Road. Nambala ya apolisi ndi 991. Munthu mmodzi wa gulu atsale ndi wovulalayo, ndipo wachibale wa pa pepala lija aimbiridwe usiku womwewo.

Wina akagwidwa ndi apolisi

Ngati ndinu, musalimbane, musathawe, musagwire yunifolomu. Ngakhale mwagwidwa molakwika, kukankha wapolisi kumabala mlandu watsopano umene ndi wovuta kuukana. Manja aoneke, mawu akhale otsika: "Abwana, sindikukana. Ndiuzeni mlandu wanga, ndipo mukunditengera ku polisi iti?" Malamulo aakulu a dziko amati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva. Tchulani dzina lanu mokweza kuti anzanu amve.

Anzake musazinge galimoto ya apolisi. Mtsogoleri yekha ndi munthu mmodzi apite, afunse polisi imene akupita, alembe nambala ya galimoto, nthawi, ndi dzina la wapolisi ngati likuoneka pa chifuwa. Wojambula ajambulire patali, osalozetsa foni kumaso kwa munthu, ndipo atumize kanemayo kwa wina nthawi yomweyo.

Basi ikhoza kupita, koma anthu awiri okhala ndi ma NRC atsale, makamaka okhala mu Lusaka, kuti akhale omuimira pa bondi. Bondi ya polisi ndi yaulere. Lamulo la Criminal Procedure Code limati ngati munthu sangafikitsidwe kukhoti mkati mwa maola 24, ndipo mlandu wake si waukulu, atulutsidwe pa bondi. Mpira nthawi zambiri umaseweredwa Loweruka ndi Lamlungu, makhoti ali otseka, ndiye pemphani bondiyo madzulo omwewo kwa mkulu wa polisiyo, musadikire Lolemba. Womangidwa asasaine pepala limene sanawerenge kapena kuwerengeredwa. Akauzidwa kulipira chindapusa cha admission of guilt, adziwe kuti kulipira ndi kuvomera mlandu, ndipo alandire lisiti ya boma. Wopanda ndalama ya loya apemphe thandizo ku Legal Aid Board.

Kukadandaula

Ambiri akamenyedwa amangoti zachitika, n'kupita kwawo. Akatero, womenyayo amabweranso sabata yamawa. Kumenya munthu mpaka kumuvulaza ndi mlandu umene pa Penal Code ungafike zaka 5 m'ndende, kaya wachitikira m'bala kaya pa bwalo la mpira.

Pitani ku polisi ya dera limene zachitikira, mufotokoze, ndipo mupemphe fomu ya medical report. Kaperekeni kuchipatala kuti dokotala alembepo zimene waona, kenako muibweze ku polisi mutasunga kope lanu. Funsani nambala ya m'buku la OB (buku limene apolisi amalembamo zochitika zonse) imene nkhani yanu yalembedwapo, ndi dzina la wapolisi woifufuza. Jambulani mabala tsiku lomwelo ndi mawa lake, popeza kutupa kumaonekera bwino pakapita usiku. Sungani tiketi, malaya ong'ambika, malisiti a kuchipatala, ndi manambala a anthu awiri amene anaona.

Ngati wokumenyani ndi wapolisi, medical report ikufunikabe, ndipo mukakanizidwa pa polisi imodzi pitani pa ina kapena kwa mkulu wawo. Dandaulo lipite ku Police Public Complaints Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 kuti lizifufuza madandaulo okhudza apolisi, komanso ku Human Rights Commission. Lembani tsiku, nthawi, bwalo, geti, nambala ya galimoto, ndi zimene zinachitika motsatana, popanda kutukwana ndi popanda kuwonjezera.

Mtsogoleri naye alembe lipoti lalifupi la gulu lonse, alipereke kwa mlembi wa timu yanu mkati mwa masiku awiri, kuti lifike ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, ku Football House pamene lipoti la refa ndi la match commissioner (woyang'anira masewerawo) likuunikidwa. Atchulemo geti limene linali lokhoma, mphindi imene utsi unaponyedwa ndi mbali imene unagwera, chiwerengero cha ovulala, ndi kuwonongeka kwa basi pamodzi ndi zithunzi. Ngati wapolisi wina kapena masapota a eni bwalo anakutetezani, zimenezonso zilembedwe, ndipo kope lina lipite kwa komiti yawo musanakumanenso m'chigawo chachiwiri cha ligi.